Malamulo Khumi m'kalasi: vuto lili pati?

Achimwene, mwafunsa kuti chalakwika n'chiyani boma la Louisiana ku America likamalamula kuti Malamulo Khumi apachikidwe m'kalasi iliyonse, poti mawuwo ndi abwino.

Ubwino wake sindikutsutsa, inenso ana anga ndimawaphunzitsa kunyumba. Koma lamulo limene bwanamkubwa Jeff Landry anasaina mu June 2024 likukhudza sukulu za boma, kumene kumaphunzira ana a Ayuda, Asilamu, Ahindu ndi a makolo osapembedza. Mwana wamng'ono sasiyanitsa chimene aphunzitsi akuphunzitsa ndi chimene chamatidwa pakhoma. Kwa iye zonse ndi lamulo la sukulu, ndipo sangatuluke m'kalasimo.

Onaninso kuti Akatolika ndi Aprotestanti sawerenga malamulowa mofanana, koma andale ndiwo anasankha mawu oti alembedwe. Pamenepa ndi pondiwawa ine monga Mkhristu: chikhulupiriro cha mwana chikuumbidwa ndi ofuna mavoti.

Mu 1980 Khoti Lalikulu la America linathetsa lamulo lofanana nalo ku Kentucky. A ku Louisiana ankadziwa zimenezi. Landry ananena poyera kuti akudikira kusumiridwa, ndipo makolo a zipembedzo zosiyanasiyana, Akhristu omwe, anakasumadi.