Khosi la thanki ya Land Rover likakana kulunjika

Achimwene, ndawerenga funso lanu lokhudza Land Rover Series III yaifupi ija ya mainchesi 88 kuchokera pa matayala a kutsogolo kufika pa a kumbuyo, imene mwaikamo thanki yatsopano yoitanitsa kunja. Mwati khosi lothirirapo mafuta likuphonyana ndi kukamwa kwa thanki ndi masentimita pafupifupi awiri, paipi ya mpira ikupindika, ndipo pomwetsa mafuta petulo akubwerera kunja. Mwafunsanso ngati n'kwanzeru kupita kwa owotcherera kuti akadule khosilo ndi kulilumikiza mopendekeka. Ine ndikukupemphani kuti musadule kanthu kalikonse pakadali pano, chifukwa pa galimoto zimenezi khosi nthawi zambiri limakhala losalakwa, ndipo mukalidula musanapeze chimene chasuntha mudzakhala mutawononga chitsulo chabwino pofuna kusangalatsa chitsulo cholakwika.

Pa galimoto yanuyo thanki, imene imalowa malita pafupifupi 45, ili pansi pa mpando wa dalaivala ndipo yamangidwa pa timikono tiwiri totuluka m'mbali mwa chasisi. Khosi lamangidwa pa bodi ya kumbuyo, kuseri kwa chitseko cha kumanja. Chasisi ndi bodi ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo chimene chimalumikiza khosi ndi thanki ndi mapaipi a mpira okha basi. Series III inapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985, kotero ngakhale yomalizira kutuluka m'fakitale yakwanitsa zaka makumi anayi ikugudubuzika m'misewu ya mabampu. M'zaka zonsezo timikono tija timasunga matope, timachita dzimbiri, ndipo tambiri tinadulidwa kale ndi kuwotchereredwa tina ndi amisiri amene ankayeza ndi maso okha. Bodi nayonso mwina inachotsedwapo n'kubwezeretsedwa popanda mawashala ndi timipira timene tinali pansi pake.

Choyamba ikani thanki yakale ndi yatsopano pansi posalala, zitayandikana, ndipo muyeze ndi tepi kuchokera pa mabowo a mabawuti kukafika pakati pa kukamwa. Muyang'anenso kupendekeka kwa kukamwako, kutalika kwake, ndiponso mbali imene kapaipi kakang'ono ka mpweya kaloza. Mathanki opangidwa masiku ano ndi makampani ena sachita kufanana ndendende ndi oyambirira, ndipo nthawi zina ogulitsa amatumiza thanki ya mtundu wina wa Land Rover imene poyiona imafanana ndi yanu. Mukapeza kuti kusiyana kuli pa thanki ndipo n'kwakukulu, ijambuleni tepi ili pomwepo ndi kuibweza musanathiremo ngakhale dontho la petulo. Ngati mathanki awiriwo akufanana, vuto lili pa galimoto. Lowani pansi ndi tochi, muone ngati timikono tili tolunjika, ndipo muone mpata wa pakati pa chitseko ndi bodi ya kumbuyo mbali zonse ziwiri. Mpata wa kumanja ukasiyana ndi wa kumanzere, mwina bodi yasuntha, ndipo ngati yasuntha khosi lasuntha nayo limodzi.

Njira imene imathetsa vutoli kwa anthu ambiri ndi yosavuta, ndipo imangofuna kuleza mtima. Ambirife timamanga thanki zolimba poyamba kenako n'kuyamba kulimbana ndi paipi, pamene zimayenera kuchitika mobwerera. Masulani mabawuti onse a thanki kuti izigwedera, ichirikizeni ndi jeke mutaika thabwa pakati, ndipo mumasulenso khosi pamene lagwira bodi. Viikani paipi m'madzi otentha kwa mphindi zingapo kuti ifewe, ipukuteni bwino, lowetsani makilampu ali omasuka, ndipo muivekere mbali zonse ziwiri. Zikatero sunthani thanki ndi khosi pang'onopang'ono mpaka paipi itakhala yokha mosakokedwa ndi mosafinyika. Mabowo a mabawuti amakhala ndi kampata ndithu, ndipo timipata ta malo atatu kapena anayi tikaphatikizana tikhoza kudya gawo lalikulu la masentimita awiri anuwo. Zotsalazo mungazithetse ndi mawashala pakati pa thanki ndi kamkono, kapena potalikitsa pang'ono bowo la pa kamkono ndi tupa wozungulira, thanki mutaichotsa. Pomanga muyambe ndi thanki, kenako khosi, ndipo makilampu akhale omalizira.

Musapake girisi kapena guluu wa silikoni pofuna kuti paipi ilowe msanga kapena kuti isadonthe. Petulo amafewetsa silikoni, ndipo tizidutswa take timagwera m'thanki n'kukatseka paipi yokokera mafuta. Kadontho ka madzi a sopo n'kokwanira.

Pa nkhani ya paipiyi ndichedwapo pang'ono chifukwa ndi pamene ine ndinapusitsika. Zaka zapitazo, paipi yoyenera itasowa, wogulitsa zipangizo wina anandipatsa paipi yokhota ya radiyeta imene inakwana bwino kwambiri, moti ndinabwerera kunyumba ndikudzitama. Patangopita miyezi yochepa m'galimoto munayamba kununkha petulo, ndipo nditachotsa chotchinga cha paipi ndinapeza paipi ija itatupa, itafewa ngati nthochi yakupsa, ndikaigwira chala chinkada bii. Paipi za radiyeta zimapangidwa ndi mpira wotchedwa EPDM, umene umapirira madzi otentha koma sugwirizana ndi petulo ngakhale pang'ono. Paipi ya mafuta imakhala ndi mpira wa mtundu wina mkati mwake, monga nitrile, ndipo yabwino imalembedwa m'mbali mwake kuti ndi ya mafuta, kawirikawiri ndi chizindikiro cha SAE J30. Yopanda malemba aliwonse musaigule, ngakhale wogulitsa atalumbira.

Kwathu kuno nkhaniyi ndi yaikulu kuposa mmene anthu amaganizira, chifukwa petulo wa ku Malawi wakhala akusakanizidwa ndi ethanol wa ku nzimbe kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito, ndipo pambuyo pake inabweranso ina ya ku Chikwawa. Ethanol amaumitsa ndi kung'amba mipira yakale imene sinapangidwire iye, ndipo amakoka chinyezi chimene chimadyetsa khosi lachitsulo dzimbiri mkati. Choncho paipi imene yakhala pa shelefu kwa zaka zambiri, ngakhale ili m'pepala lake loyambirira, ine sindingaike pa galimoto yanga. Musanagule yezani kunja kwa khosi ndi kunja kwa kukamwa kwa thanki ndi veniya, kachipangizo koyezera kukula kwa paipi molondola, poti galimoto za ku Britain za nthawi imeneyo zinkayezedwa ndi mainchesi. Mainchesi awiri ndi mamilimita 50.8, pamene mainchesi awiri ndi kota ndi mamilimita 57.15, ndipo kusiyana kumeneko simungakutseke pomanga kilampu mwamphamvu. Kilampu ikhale kuseri kwa mlomo wotukuka wa chitsulo, ndipo paipi ilowe masentimita osachepera atatu mbali iliyonse.

Kubwerera kwa petulo pomwetsa kukhoza kukhala kuti sikukuchokera pa paipi yaikulu yokha. Pamene mafuta akulowa, mpweya umene unali m'thanki umafuna potulukira, ndipo umadzera m'kapaipi kakang'ono kochokera pamwamba pa thanki kupita kumtunda kwa khosi. Kapaipi kameneka kayenera kukwera kokhakokha. Kakangotsika penapake n'kukweranso, petulo amadikha m'chigwacho n'kutseka njira, ndipo mpweya umatulukira m'khosi ukukankha mafuta patsogolo pake. Kafupikitseni kuti kasalendewere, ndipo muuziremo mpweya ndi pampu ya njinga muone ngati kali kotseguka, chifukwa thanki zatsopano zina zimabwera penti itatseka kabowoko. Khosi la Series limakhalanso ndi paipi ya mkati yosolola imene ili ndi sefa kumapeto, yothandiza pothira mafuta a m'chigubu. Isololeni muitsuke, poti sefa yodzadza dzimbiri imabweza petulo mofanana ndi paipi yopindika.

Onaninso chivindikiro cha khosi, mpira wake ngati sunaume ndiponso ngati chili cha mtundu wolola mpweya kulowa. Thanki imene ilibe polowera mpweya imachititsa injini kuzima mutayenda makilomita angapo, ndipo mukatsegula chivindikiro mumamva kuti fyuu. Ndi bwino kulumikiza khosi ku chasisi ndi kawaya kafupi, kuti magetsi amene amadziunjika mafuta akamayenda asathethetse moto pa nthawi yomwetsa. Pamene chitsulo cha khosi chayandikana ndi aluminiyamu wa bodi pakhale mpira wake wozungulira uja, chifukwa zitsulo ziwirizi zikakhudzana pa chinyezi aluminiyamu amadyeka n'kusanduka ufa woyera.

Mukayesa zonsezi koma mpata n'kukhalapobe, ndiye mungaganize zosintha chitsulo, ndipo ngakhale pamenepo ine ndingayambe ndi kapaipi kachitsulo kokhota pang'ono koika pakati pa zidutswa ziwiri za paipi ya mafuta, kokhala ndi milomo yotukuka mbali zonse. Khosi lenilenilo likafunika kudulidwa, lichotsedwe pa galimoto, litsukidwe ndi madzi otentha a sopo, liume, ndipo likawotchereredwe kutali ndi thanki. Thanki imene munalowapo petulo isayandikire moto wa owotcherera kapena galayindala, ndipo yopanda kanthu ndi imene ili yoopsa kwambiri chifukwa imadzadza nthunzi. Nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya, imatsika n'kudikha pansi, choncho ntchito yonseyi muigwirire panja osati pa dzenje la m'galaja, waya wa negetivu mutauchotsa pa batire, chozimira moto chili pafupi, ndipo mbaula ndi osuta fodya ali kutali.

Mukamaliza musabwezeretse msanga chotchinga cha paipi. Thirani malita asanu okha ndi chigubu mukuyang'ana polumikiza paliponse, kenako pitani kokamwetsa mudzadzitse mpaka pakhosi, muimike galimoto pamalo opendekekera kumanja kwa theka la ola, ndipo mupukute polumikiza ndi pepala loyera muone ngati lanyowa. Pakatha sabata imodzi mukuyenda mubwererenso ku makilampu, chifukwa mpira watsopano umaphwa pang'ono ndipo amafuna kumangidwanso. Ngati mungathe, tumizani kuno miyeso ya mathanki awiri aja ndi chithunzi cha timikono, kuti tione ngati mawashala akwanira kapena kamkono kakufunika kudulidwa ndi kuikidwanso pamalo pake.