Masiku awiri ku Rome: Vatican ndi Colosseum musaziphatikize

Mayi wina amene amakhala ku Britain watilembera imelo. Ali ndi masiku awiri okha ku Rome, ndipo akufunsa ngati angaone Vatican ndi Colosseum tsiku limodzi kuti mawa lake apume.

Mayi, musatero. Malo awiriwa ali kutsidya ndi kutsidya kwa mtsinje wa Tiber, ndipo aliwonse amafuna maola ambiri muli chiimire. Pofika masana miyendo idzakhala itakana.

Yambani mwaona kalendala. Vatican Museums, nyumba zoonetsera zinthu zakale kumene kuli Sistine Chapel (tchalitchi chaching'ono chotchuka ndi zojambula za kudenga), amatseka Lamlungu, kupatula Lamlungu lomaliza la mwezi pomwe anthu amalowa ulere, koma mzere wake umachita kuzungulira mpanda. Lachitatu m'mawa Papa akamakumana ndi anthu pabwalo, alendo salowa m'tchalitchi cha St Peter's mpaka masana. Tikiti gulanitu pa intaneti, pa webusaiti ya museum yeniyeniyo. Ogulitsa a pamsewu amakweza mtengo.

Sistine Chapel ili chakumapeto kwa njira yoyendera mu museum, ndiye musathere mphamvu m'zipinda zoyambirira. Mukalowa, pezani pokhala m'mbali mwa khoma, mukweze maso. Denga lonselo analijambula Michelangelo kuyambira 1508 mpaka 1512, ndipo chapakati mudzaona chala cha Mulungu chitatsala pang'ono kukhudza cha Adamu. Foni ibwezereni m'chikwama, kujambula saloleza.

Ku St Peter's kulowa n'kwaulere, koma alonda amabweza aliyense amene mapewa kapena mawondo ali poyera. Chitenje chimodzi chimathetsa nkhaniyi. Kukwera pamwamba pa tchalitchicho ndi masitepe 551. Chikepe chimakuchotserani ena koma amatsala 320, m'kanjira kopanikiza komwe khoma limapendekera kwa inu. Ngati mawondo amakuvutani, kusiyeni.

Tsiku linalo ndi la Colosseum, bwalo lamasewera la Aroma akale lomwe linatsegulidwa m'chaka cha 80 AD. Tikiti yake imakulowetsaninso ku Roman Forum ndi Palatine Hill, mabwinja a mzinda wakale wa Rome omwe ali pafupi pomwepo. Imakhala ndi nthawi yolowera komanso dzina lanu, choncho lembani dzina monga lilili pa pasipoti ndipo pasipotiyo muyende nayo. Sankhani m'mamawa, chifukwa ku Forum mthunzi ndi wochepa. Madzi musagule: mipopi ya m'misewu yotchedwa nasoni imatuluka madzi akumwa ozizira bwino usana ndi usiku. Madzulo yendani wapansi kukafika ku Pantheon, kachisi wakale wa Aroma yemwe tsopano ndi tchalitchi, ndipo valani nsapato zafulati chifukwa misewu ndi yamiyala.

Basi nambala 64, yochoka ku siteshoni yaikulu ya sitima ya Termini kupita chaku Vatican, imatchuka ndi opisa m'matumba, ndiye chikwama chikhale kutsogolo. Tikiti ya pepala idindeni pa makina mukangokwera. Yosadinda amakulipiritsani chindapusa ngati simunagule n'komwe.

Ngati mukuyendera pasipoti ya Malawi, chilolezo chanu cha ku Britain sichikulowetsani m'dziko la Italy. Mufunika viza ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo Italy, ndipo pemphani ikadali nthawi, musanalipire matikiti osabwezedwa ndalama.