Mwana wanga afuna kukayesa ma mota a ndege zamagetsi, ntchito imeneyi ilikodi?

Amayi ena aku Chawama andilembera kuti mnyamata wawo wa giredi 12 wakakamira zoti adzagwire ntchito yoyesa ma mota a ndege zamagetsi zija zonyamuka choimirira ngati helikopita, akuti usiku onse amakhala pa YouTube mpaka bandulo kutha. Iwo amafuna apange za unesi, ndiye akufunsa ngati ntchitoyo ilipo komanso angaiphunzire kuti kuno.

Amayi, ntchitoyo ilipo ndithu, mwana wanu sakulota ayi. Ku California kuli kampani ya Joby Aviation, ndege yawo ili ndi mapulopela 6 ndipo imanyamula woyendetsa ndi anthu 4. Ku China, EHang inapatsidwa chiphaso ndi boma mu 2023 pa kandege ka anthu awiri kopanda woyendetsa, ka mapulopela 16. Koma ndikuuzeninso zoona, makampani awiri aku Germany, Lilium ndi Volocopter, ndalama zinawathera mu 2024, ndipo kuno kwathu kulibe fakitale yopanga ndege zimenezi. Ndiye ine sindingamuuze kuti athamangire dzina la ndegeyo. Athamangire mota, chifukwa mota ndi imene idzamudyetsa kaya ndegezo zafika kaya zachedwa.

Manje iwe mnyamata, tamvera mmene ntchitoyo imakhalira, poti pa vidiyo amangoonetsa tsiku louluka chabe. Woyesa mota amakhala pansi, mchipinda, mota itamangidwa pa makina otchedwa dynamometer amene amaikaniza kuti izizungulira movutikira ngati yanyamula katundu, iwe nkumalemba torque (mphamvu yopotokola imene mota ikutulutsa), liwiro lozungulira, magetsi amene ikudya kuchoka ku batire kudzera mu inveta (kachipangizo kosintha magetsi a batire kuti ayendetse mota), kunjenjemera kwake, makamaka kutentha. Kutentha ndiye mdani wamkulu. Ndege yotere imadya mphamvu zambiri ponyamuka ndi potera, nthawi imene mapiko sakuthandiza chilichonse, ndiye waya wa kopa mkatimo amatentha, vanishi yokutira wayayo ikapsa ndi shoti basi, ndipo maginito a neodymium akatentha mopyola muyeso amafooka osabwereranso mwakale. Ndiye mumaiyendetsa maola ndi maola, kuizimitsa, kuimasula, kuona mabering'i, kuyambiranso. Nthawi zina mumazimitsa dala mota imodzi kuti muone ngati zotsalazo zingasenze katunduyo. Galimoto ikazima pa Great East Road umaikankhira pambali, mmwamba mulibe pambali, nchifukwa chake munthu wolemba manambala ongopeka sakhalitsa pa ntchito imeneyi.

Ndipo pali china chimene ndimakonda kuuza ana a kuno. Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280, mpweya wathu ndi wopepuka ndi pafupifupi 12 peresenti kuyerekeza ndi kugombe la nyanja yamchere, ukaonjezapo dzuwa la Okutobala umapepukiratu. Pulopela imene yayenda bwino kugombeko ikafika kuno iyenera kuzungulira mwamphamvu kuti inyamule katundu yemweyo, mota nkutentha kwambiri. Tsiku limene ndegezi kapena ma drone akuluakulu adzabwere, padzafunika munthu wodziwa kuyeza zimenezi pompano.

Za sukulu amayi, masamu ndi sayansi, makamaka physics, azikhoze bwino kwambiri, apa palibe kunyengerera, ndi Chingerezi chomwe. Akapeza mapointi abwino apite ku UNZA akapange electrical and electronic engineering, kapena ku CBU ku Kitwe komwe kuli mechatronics ndi aeronautical engineering, ndipo afunsire msanga loni ku HELSB, bungwe la boma lobwereketsa ndalama za maphunziro apamwamba. Mukandifunsa ine ndinganene kuti electrical, chifukwa khomo lake ndi lotakata, za ndege angazionjezere pa masters kunja. Mapointi akavuta musalire amayi, NORTEC ku Ndola imaphunzitsa za magetsi, ZASTI pafupi ndi bwalo la ndege la Kenneth Kaunda imaphunzitsa kukonza ndege, ndipo mma labu oyesera ma mota manja a ma tekinishani ndi amene amamanga mawaya ndi masensa. Akamaliza alembetse ku EIZ, bungwe la mainjiniya a mu Zambia.

Nkhawa yanu yeniyeni ndaimva, ndi yoti mudzalipira zaka zonsezo mwana nkudzakhala pakhomo. Tangoganizani ma mota amene ali mdziko muno, mapampu otulutsa madzi mu mgodi wa Konkola, makina a mmigodi ya Kansanshi ndi Lumwana, zigayo, mapampu a sola amene anthu athamangira chiyambire kuzimazima kwa magetsi kwa 2024 madzi atachepa ku Kariba. Zonsezi zimapsa, zimafuna woyeza, ndipo nzeru yake ndi yomweyo ya kutentha, vanishi ndi mabering'i. Ngakhale za ma drone siziri kutali monga mukuganizira, Zipline inayamba kutumiza magazi ku zipatala za ku Rwanda mu 2016, ndipo kwa anansi athu ku Lilongwe anatsegula African Drone and Data Academy mu 2020.

Mayeso akatha musamusiye azingogona ndi foni. Mupezereni malo kwa amisiri okulunga ma mota opsa, ali mbwee mtauni muno, ngakhale osalipidwa kwa miyezi iwiri, akaphunzire kugwira multimeter ndi megger, zipangizo zoyezera magetsi ndi vanishi ya mawaya, amve fungo la mota yopsa ndi mphuno yake. Mugulireni kabuku ka hardcover azilembamo chilichonse chimene wayeza, tsiku, nambala ndi chimene chinalakwika. Pakutha pa miyezi iwiriyo mutsegule kabukuko nonse awiri, mukapeza kadzaza ndipo iye akadali kudzuka yekha mmamawa kuthamangira basi, yambani kusunga ya fomu ya ku yunivesite.