Pikapu ikulira kuti "psii" pokwera chitunda: vuto lili pati?

Bambo wina wa ku Bembeke wandilembera imelo yofunsa za pikapu yake ya dizilo yokhala ndi turbo (chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini), yomwe amanyamulira mbatatesi ndi kabichi kupita nazo ku Lizulu ndi ku Golomoti. Akuti masiku ano injini ikumalira kuti "psii" akaponda moto pachitunda, mphamvu zachepa, ndipo kumbuyo kukutuluka utsi wakuda. Akufunsa ngati turbo yatha, popeza anzake amuuza kuti ayambe kusaka ina.

Bambo, musagule kaye turbo. Phokoso lotere limatanthauza kuti mpweya kapena nthunzi ikudutsa pakabowo pomwe sipayenera kudutsa, ndipo chomwe chimaulula malo a bowolo ndi nthawi imene phokosolo limamveka. Inu mwanena kale kuti limabwera mukaponda moto galimoto itasenza katundu, ndiye ine ndikuloza chala mapaipi a mphira omwe amatenga mpweya kuchoka ku turbo, kudutsa mu intercooler (yomwe imaziziritsa mpweyawo), kukalowa mu injini. Injini ikamangolira galimoto itaima, mpweya wa m'mapaipiwa umakhala wofooka, koma pachitunda turbo imaukankha mwamphamvu, mng'alu umatseguka, mpweya nkumathawa. Dizilo amalowabe monga mwa masiku onse koma mpweya woti apse nawo bwino wachepa, nchifukwa chake mukuona utsi wakuda ndi kufooka kwa galimoto.

Injini ikazizira, tsekulani boneti ndipo mutsatire mapaipiwo ndi dzanja kuyambira pa turbo. Fufuzani malo onyowa ndi oyilo pomwe fumbi lamatirira mpaka kuda, makamaka molumikizira, chifukwa mpweya wothawawo umatuluka ndi kaoyilo pang'ono nkusiya chizindikiro. Finyani paipi iliyonse ndi kuisuzumira kunsi, pakuti mng'alu umakonda kubisala mbali yomwe diso silifika. Nthawi zina paipi imakhala yabwinobwino koma kilampu yakhwefuka ndi mabampu a m'misewu ya kuminda, ndipo kuimanga ndi sipanala kumathetsa nkhani yonse. Ngati yang'ambika, gulani ina. Kukulunga ndi mphira ya chubu kungakufikitseni kunyumba basi, sikupirira kutentha ndi mphamvu ya mpweyawo. Onaninso intercooler yeniyeniyo, poti miyala ya mumsewu imatha kuiboola, komanso paipi yochoka ku fyuluta ya mpweya, chifukwa imeneyo ikabooka injini imayamwa fumbi losasefedwa, lomwe limadya turbo ndi mapisitoni mwakachetechete.

Pali chinthu china chomwe ndikupemphani kuti muyese ngakhale mutaipeza paipi yong'ambikayo, ndipo ndikuchiika patsogolo pa zonse chifukwa mumatsika phiri la Khwekhwelere popita ku Golomoti mutasenza matumba. Ngati "psii" ameneyu akumvekera mkati, chakumapazi, ndipo amasintha mukaponda buleki, ndiye kuti booster ya mabuleki (chipangizo chowonjezera mphamvu ya phazi lanu pa buleki) kapena kapaipi kake kakulowetsa mpweya. Zimitsani injini, pondani buleki kangapo mpaka ilimbe, muipondebe, kenaka lizani injini. Buleki iyenera kutsika pang'ono pansi pa phazi lanu. Ikakhalabe gwa, galimotoyo isatsike phiri ndi katundu kufikira makaniko ataona booster, paipi yake ndi pampu yomwe imakoka mpweyawo. Mabuleki amagwirabe, koma amafuna mphamvu ya mwendo yochuluka kwambiri, ndipo pamakona a msewu umenewo mphamvuyo ikhoza kukucheperani.

Phokoso lomveka mutazimitsa injini yotentha ndi la madzi a muladiyeta. Chivindikiro chake chimasunga mphamvu ya nthunzi ya pafupifupi 1 bar kuti madzi asawire msanga, ndipo kuno ku Dedza, komwe tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, madzi a mumphika amawira akafika madigiri 95 m'malo mwa 100, motero chivindikiro chotopa chimaonekera msanga. Musachitsekule injini ikadali yotentha, anthu ambiri apsa manja ndi nkhope mwanjira imeneyi. Dikirani izizire, kenaka mufufuze zoyerayera zoumira pamapaipi ndi m'mbali mwa ladiyeta.

Likakhala phokoso lodukizaduka motsatana ndi kugunda kwa injini, limodzi ndi fungo la utsi pansi pa boneti, mukaikire mawashala a kopa a pansi pa ma injector, omwe amapopera dizilo mu injini. Pa injini zina, monga D-4D ya Toyota Hilux, utsi wothawira pamenepo umalowa mu oyilo, mwaye wake nkutseka kasefa kokokera oyilo m'sampu (mokhala oyilo kunsi kwa injini), choncho imeneyi ndi ntchito ya makaniko wodziwa dizilo ndipo siyofunika kuichedwetsa.

Mukafuna kumvetsera injini ikulira, tengani chidutswa cha paipi yothiririra, mbali ina kukhutu, ina muziyendetsa pafupi ndi molumikizira monse, malaya ndi zala zili kutali ndi fani ndi lamba. Turbo muiganizire pokhapokha ngati mapaipi onse ali bwino koma ikulira ngati sairini, ikutulutsa utsi wa buluu, kapena makaniko wagwedeza shafiti yake nkupeza kuti mapiko akukhula m'mbali.