Asiyeni ophunzira agwire makinawo ndi manja awo

Achemwali, mwafunsa kuti mutani poti kalasi yanu ya chemistry ndi yaikulu, spectrophotometer, makina oyeza kuwala komwe mankhwala a m'madzi amameza, ndi imodzi yokha, ndipo mukuopa kuti ophunzira aiwononga. Nkhawayo ndikuimva. Koma chonde musamadine mabatani nokha iwo ataunjikana kumbuyo n'kumakopera manambala. Ife anatiphunzitsa choncho, ndipo nditayamba ntchito ndinavutika kwambiri, ngakhale kagwiridwe ka cuvette, kabotolo koikamo madzi oti ayezedwe, sindinkakadziwa.

Yambani ndi potassium permanganate. Njosavuta kupeza, ndipo mtundu wake maso amauona ukuzilala mukamathira madzi. Agaweni anayianayi. Gulu lililonse lisungunule miyezo isanu yosiyana, liyeze pa 525 nm (nm ndi muyezo wa utali wa funde la kuwala), kenako lijambule graph papepala ndi rula lisanakhudze kompyuta. Lamulo la Beer-Lambert, loti kuwala komezedwa kumachuluka molingana ndi kuchuluka kwa mankhwala m'madzi, limakhazikika m'mutu mwana akaona mzere wowongoka ukutuluka ndi dzanja lake. Dontho limodzi likasochera pamzerewo musathamangire kumuuza chifukwa. Afufuze yekha: kodi blank, madzi opanda mankhwalawo otcherera makina pa ziro, anaikamo? Mu pipette, kachubu kotungira madzi, munalibe thovu? Kapena chala chinadinda mbali yosalala ya cuvette, pomwe pamadutsa kuwala? Phunziro lenileni lili pamenepo, ndiye musalifupikitse.

Akazolowera, auzeni abweretse madzi akwawo, wina a pamjigo ku Ulónguè, wina a mumtsinje wa Revúbuè ku Moatize. Ayeze iron. Madzi amatope ayambe asefa, athire hydroxylamine kuti iron yense akhale Fe2+, kenako phenanthroline, ndipo madziwo amasanduka ofiira ngati lalanje lakupsa. Amayeza pa 510 nm. Mwana akapeza nambala yoposa 0.3 mg pa lita, n'kukumbukira zovala zoyera za amayi ake zomwe zimafiira akachapa, simufunikanso kumukakamiza kuwerenga. Absorbance, nambala ya kuwala komezedwa, ikapitirira 1, asungunulenso ndi madzi ayezenso.

Za chitetezo cha makina, kuno ku Tete adani ndi fumbi ndi kutentha kuposa ana. Muziwavundikira mukamaliza, mulumikize ku UPS (batire lothandiza magetsi akazima), nyali yake itenthe mphindi 20 musanayambe kuyeza. M'mwezi wa Okutobala mabotolo a standard, mankhwala osungunula a muyezo wodziwika kale, asakhale osatseka, madzi amauma miyezo n'kusintha. Pambali pakhale kope loti aliyense wogwiritsa ntchito alembe dzina, tsiku ndi chomwe wayeza.