Ophunzira anga amaloweza, koma samvetsa

FUNSO: Ndangoyamba kumene kuphunzitsa maphunziro a zachuma kwa ophunzira a chaka choyamba payunivesite. Ndimajambula magirafu pabolodi, iwo n'kumakopera. Pamayeso matanthauzo amalemba bwino, koma ndikangotembenuza funso pang'ono amasochera. Kodi ochita kafukufuku anapezapo chiyani pa vuto limeneli? — Mphunzitsi watsopano

YANKHO: Aphunzitsi, vutoli silinayambire pa inu. Mu 1995, William Becker ndi Michael Watts anafunsa aphunzitsi a zachuma m'mayunivesite a ku America mmene amagwiritsira ntchito nthawi ya m'kalasi. Zinapezeka kuti mphunzitsi wamba amatha pafupifupi 83 peresenti ya nthawiyo akungolankhula yekha, choko kumanja. Kafukufukuyu ankabwerezedwa pakatha zaka zisanu zilizonse, ndipo pofika 2010 zinthu zinali zisanasinthe kwenikweni.

Koma kafukufuku amene ine amandikhudza kwambiri ndi wa Paul Ferraro ndi Laura Taylor. Mu 2005 anapita kumsonkhano waukulu wa akatswiri a zachuma ndi funso limodzi la chaka choyamba. Mwapatsidwa tikiti yaulere ya konsati, yosagulitsika. Usiku womwewo kwina kukuimba woimba wina amene mumamukonda. Tikiti yake ndi madola 40, koma inu mukhoza kulolera kulipira mpaka 50. Mukapita ku konsati yaulereyo, opportunity cost yanu (phindu limene mwataya posiya chinthu china chabwino chimene mukanasankha) ndi madola angati: 0, 10, 40 kapena 50? Yankho ndi 10, chifukwa mwasiya chinthu chokoma kwa inu ngati madola 50 chimene chikanakudyerani 40. Mwa anthu pafupifupi 200 amene anayankha, 21.6 peresenti okha ndi amene anakhoza. Ena anadandaula kuti funsolo linalembedwa mosokoneza, ndipo mwina ali ndi mfundo. Komabe poti anali akatswiri, tanthauzo ayenera kuti ankalidziwa pamtima. Chinawavuta n'kuligwiritsa ntchito, monga ophunzira anuwo.

Ndiye muwapatse mpata woligwiritsa ntchito. Edward Chamberlin ankachita zimenezi ku Harvard m'zaka za m'ma 1940. Ankagawa makadi: ena mwa ophunzira akhale ogula, aliyense ndi mtengo umene sangapyole, ena ogulitsa, aliyense ndi mtengo umene sangatsike kupitirira apo. Kenako ankawasiya kuti azungulire m'kalasimo akunenerera mitengo. Vernon Smith, amene anali wophunzira wake, anadzasintha masewerawa kuti mitengo izilengezedwa poyera komanso malonda azibwerezedwa kangapo, ndipo mitengo inkafika pafupi ndi pamene mizere iwiri ya pagirafu, wa ogula (demand) ndi wa ogulitsa (supply), imakumana. Ntchito imeneyi ndi imene inam'pezetsa mphoto ya Nobel mu 2002. Mu 2004, Tisha Emerson ndi Beck Taylor anapeza kuti ophunzira amene anachita masewera otere anapita patsogolo pamayeso kuposa amene ankangomvera.

Dziwani kuti zimenezi zimadya nthawi, ndipo silabasi simuimaliza monga mumachitira. Ine ndimaona kuti n'kwabwino kusiya mitu iwiri itatu kuti yotsalayo ilowe. Sabata yamawa yambani ndi funso la konsati lija. Aliyense asankhe yekha, kenako akambirane ndi woyandikana naye, asankhenso kachiwiri, inu musanatchule yankho. Mukamazungulira, mvetserani chifukwa chimene akusankhira 40 kapena 50, ndipo phunziro lotsatira mulikonze kuchokera pa zimene mwamvazo.