Galu waluma mwana amene analumpha mpanda, mlandu ngwa ndani?

Achimwene, mwati galu wanu waluma mwana wa aneba wa zaka 8 pakatumba, atalumpha mpanda masana kudzathyola mango kwanu ku Bangwe. Mwatinso pageti panu pali chikwangwani chochenjeza za galu, ndipo makolo ake akuti muwapatse ndalama, apo ayi akupita kupolisi. Funso lanu nlakuti mulipire bwanji pomwe mwanayo ndiye analowa popanda chilolezo.

Za mlandu tikamba, koma simunatiuze ngati mwanayo wapita kuchipatala. Ngati sanapite, siyani foni, mumutenge ndinu lero lomwe, ndipo ya thiransipoti mutulutse ndinu. Chiwewe sichichedwetsedwa. Munthu akangoyamba kuonetsa zizindikiro, monga kuopa madzi, kubwebweta ndi kutuluka dovu, palibe dokotala amene angamubweze. Matendawa amatha kubisala m'thupi miyezi iwiri kapena itatu, bala litapola kalekale, aliyense ataiwala. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka padziko lonse, ndipo pafupifupi onsewo amachitenga kwa agalu. Pafupifupi 4 mwa olumidwa 10 alionse amakhala ana osakwana zaka 15, ngati wa aneba anuyo.

Bala lolumidwa ndi galu limatsukidwa ndi sopo pamadzi oyenda kwa mphindi 15, osati kungopukuta ndi kansalu. Zootcha ubweya wa galu nkupaka phulusa lake pabala zija, musalole. Kuchipatala akaona ngati pakufunika jakisoni wa chiwewe ndi wa kafumbata, ndipo wa chiwewe sabaya kamodzi, mwana amabwererako masiku angapo mpaka amalize. M'malo ambiri amafunanso kalata yochokera kwa alangizi a ziweto, choncho tengani chiphaso cha katemera wa galu wanu mupite nacho kuofesi yawo. Ngati galuyo sanabayitsidwe, nenani zoona. Bodza pamenepa likhoza kuphetsa mwana.

Ndaona ena akukulangizani kuti mumuphe galuyo kapena mukamubise kumudzi. Musatero. Mumangirireni pamalo poti sangafikire munthu, muzimupatsa chakudya ndi madzi, alangizi amuyang'anire masiku 10. Galu amene anali ndi chiwewe m'malovu pa tsiku loluma amadwala kapena kufa m'masiku amenewa. Akadutsa ali bwinobwino, mitima ya makolo aja ikhala pansi, yanunso. Koma mwana asadikire masiku 10 amenewo kuti ayambe jakisoni.

Tsopano za lamulo. Nzoona kuti kulowa pamalo a mwini ndi cholinga chokaba, kuopseza kapena kusowetsa mtendere ndi mlandu m'malamulo athu a Penal Code. Koma malamulo omwewo amati mwana wosakwana zaka 10 sangaimbidwe mlandu uliwonse. Ndiye mukapita kupolisi ndi nkhani yoti mwana wa zaka 8 anabwera kudzaba mango, simupita nayo patali. Muli ndime inanso imene eni agalu ambiri saidziwa: munthu amene ali ndi chiweto koma osasamala kuti chisavulaze anthu, pomwe ngoziyo imaonekeratu, akhoza kuzengedwa mlandu wonyalanyaza. Kupatula apo, makolo ali ndi ufulu wokasuma kukhoti kuti muwapatse chipukuta misozi. Kumeneko adzafunsa ngati inu mumadziwa kuti galu wanu ndi wolusa, ngati analumapo wina kale, komanso chimene munachita kuti asalumenso.

Chikwangwani chija chimathandiza, chifukwa chimasonyeza kuti munachenjeza. Komatu sichikuchotserani udindo wonse. Mwana wa Sitandade 2 amene maso ake ali pa mango akupsa sawerenga zapageti, ndipo sanadzere nkomwe pageti. Chinanso, chikwangwani chomwecho chimachitira umboni kuti mumadziwa khalidwe la galu wanu. Akanakhala munthu wamkulu wolumpha mpanda 2 koloko usiku atanyamula chikwanje, nkhani ikanakhala ina, ndipo ine ndikanaima nanu. Tonse tikudziwa chifukwa chimene timawetera agalu m'matauni muno, umbava watitopetsa. Koma masana, nyengo ya mango, m'dera lodzaza ana, mwini mtengo aliyense amadziwa kuti ana abwera. Galu wolusa amayenera kukhala m'khola kapena pa tcheni nthawi imeneyo, nkumasulidwa usiku geti litatsekedwa. Si ana okha. Owerenga mita ya madzi, ogulitsa masamba, mlendo wosochera nyumba, onsewa amagogoda masana.

Maganizo anga ndi akuti mulipire zonse zachipatala popanda kukangana, kuphatikizapo mayendedwe a ulendo uliwonse wokabayitsa. Musatume mwana kapena wantchito, pitani nokha kwa makolowo mukapepese. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo anthu amenewa mudzakumana nawo pamaliro ndi pampopi kwa zaka zambiri. Akatchula ndalama yoonjezera yomwe mukuona kuti yanyanya, musakanirane pamsewu. Itanani amfumu kapena akuluakulu a m'dera, mukhale pansi, zimene mwagwirizana zilembedwe, onse asayine, ndipo malisiti muwasunge. Zikakanika mpaka nkhani yafika kupolisi kapena kukhoti, mapepala amenewo ndi amene adzakulankhulireni, ndipo pamenepo mufunse loya kapena a Legal Aid Bureau.

Pali chinthu china chimene chimandiwawa mtima. Ambirife timaganiza kuti galu wolondera bwino ndi amene wazunzidwa. Timamutsekera m'kakhola ka malata kotentha ngati uvuni tsiku lonse, osaona munthu, madzi mulibe, ena mpaka kumuthirira tsabola m'chakudya ati aluse. Galu wotereyu sasiyanitsa wakuba ndi mwana, ndipo tsiku limene tcheni chidzaduke adzayamba ndi wa m'nyumba momwemo. Kuzunza chiweto nakonso ndi mlandu pansi pa lamulo la Protection of Animals Act. Ntchito yaikulu ya galu pakhomo ndi kuuwa kuti mudzuke. Wodya bwino, wozolowera anthu a pakhomo, amaigwira ntchito imeneyi mosavuta.

Za katemera, inu a ku Blantyre mulibe chonamizira. Bungwe la Mission Rabies linayamba kubaya agalu mumzindawu mu 2015, madokotala a ku Queen Elizabeth Central Hospital atadandaula za kuchuluka kwa ana omwalira ndi chiwewe, ndipo chaka chimenecho anabaya agalu oposa 35,000 m'masiku 20 okha, mwaulere. Cholinga chimakhala kufikira agalu 70 pa 100 alionse, chifukwa pamenepo matenda amasiya kufalikira. Kulinso mabungwe osamalira ndi kuteteza ziweto, a BSPCA ku Blantyre konko, ndipo a ku Lilongwe ali ndi LSPCA. Galu azibayitsidwa chaka chilichonse, chiphaso chizisungidwa pamodzi ndi mapepala ofunika a pakhomo. Mupitenso kukhonsolo mukafunse malamulo awo a kawetedwe ka agalu, chifukwa khonsolo iliyonse ili ndi ake, ndipo kukabuka chiwewe akalengeza kuti agalu onse amangidwe, wopezeka akuyendayenda amatha kuwomberedwa.

Nthambi za mango zimene zatulukira kunja kwa mpanda muzidule, kapena akapsa muzithyola nokha nkuwagawira anawo pageti. Mutiuze mmene mwanayo akupezera mukachokera kuchipatala.